Ndinatsala ndi Zovomera Zokha

1983, Nazombe

Za ubwana wanga ndizilumpha, ana anga, mulibe chimene mungatolemo kupatula matekenya ndi kabudula wong'ambika. Ndiyambira tsiku limene lole ya boma inanditsitsa ku Nazombe ndi sutikesi yamalata, mpando umodzi ndi kalata yonena kuti ine Waisoni ndine woyang'anira dibi. Adzukulu amene simunalionepo dibi, ndi chidzenje chachitali cha simenti chodzaza madzi a mankhwala, ng'ombe zimadumphiramo n'kusambira mpaka tsidya kuti nkhupakupa zife. Lachiwiri lililonse m'mamawa ndinkasungunula mankhwala, kuima pa mpanda, kuwerenga ng'ombe zikamatuluka zikutsokomola, basi. Dzina langa linathera pomwepo. Kuyambira mwana mpaka nkhalamba ankangoti a Dibi, ndipo mpaka lero ndikapita pamsika alipo ondiitana choncho, chonsecho dibi lomaliza linauma kalekale.

Bwana wanga anali a Kamwendo, munthu wamtali wa magalasi, wobwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi. Asanayang'ane madzi a m'dibi ankayamba ayang'ana kolala ya malaya anga. Sindinawaonepo akuseka, komanso sindinawamvepo akunama, ndipo munthu wotero ndi wovuta kumuda. Chinthu china muchidziwiretu: Chilomwe ine sindichidziwa bwino. Agogo anu, bambo anga, anawoloka kuchokera ku Mozambique ali kumsana kwa amayi awo, ndipo atakula anatopa ndi kusekedwa kumaesiteti a tiyi, nalamula kuti pakhomo pawo pazimveka Chichewa chokha. Choncho ine Chilomwe ndinkachimva ngati anthu akulankhula chipinda china, liwu apa, liwu apo, nkhani yonse osaigwira. Ku Nazombe alimi ankandinena pamaso panga, ine n'kumangomwetulira ngati akunditamanda.

1986, Jenala

Atandisamutsira ku Jenala anandiwonjezera ntchito yoyeza nyama pa tsiku la msika, Loweruka. Opha mbuzi ndi nkhumba ankandidikira kuseri kwa msika, ine n'kung'amba chiwindi, kuyang'ana mapapo, kudinda chidindo pa ntchafu. Pofika 12 koloko ndinali nditamaliza. Kuseri komweko kunali bawa ya mayi Eneresi, chisakasa chaudzu cha mabenchi asanu ndi limodzi, mowa wa masese m'migolo iwiri, nkhuku zikuyendayenda pakati pa miyendo ya anthu. Omwa ake anali alimi odzagulitsa nandolo, amuna a njinga zonyamula matemba, ndi amayi ogulitsa nsomba ochokera ku Chilwa. Loweruka lachitatu ndikudutsa pamenepo ndinamva bangwe akulira. Sindinali womwa kwenikweni, ndinangoti ndisuzumire.

Pakona panali mkulu wochepa thupi, wovala jekete lakuda mu Okutobala, bangwe ali pa maondo, kumapeto kwake atalowetsa m'chitini kuti azimveka patali. Amenewo anali a Nahuwo, woluka miono ya nsomba. Pambali pawo panali a Fulaye, telala wa pamsika, ndi banjo ya chigubu cha mafuta, mawaya ake a buleki ya njinga. A Nahuwo ankaimba mzere wautali m'Chilomwe, mothamanga ngati munthu wotsika phiri, ndiye akafika kumapeto anthu n'kuvomera mawu awiri atatu. Kuvomerako kunali kwachisawawa, wina patsogolo wina pambuyo, monga amachitira anthu a chipanda m'manja. Atabwereza kachinayi ndinangozindikira pakamwa panga patseguka. Bangwe anasiya.

"Ndani walira pakhomopo ngati ng'ombe yolandidwa mwana?" anafunsa a Nahuwo.

Bawa yonse kufa ndi phwete. "Ndi a Dibi atsopanowa," anatero mayi Eneresi.

"Mawu ndi oipa," anatero a Nahuwo, "koma walowa pa malo ake. Enanu zaka zonsezi mumalowera pawindo. Bwera ukhale apa, mwanawe. Ine ndiziponya, iwe uziwakha."

Anandipatsa chisekese, ine chikwama cha chidindo chikadali pakhosi. Ndinakhala pa benchi imeneyo zaka khumi.

Lamulo anandiuza ndi a Fulaye tsiku lomwelo tikutuluka. "Achimwene, mumvetsetse. Mawu oponya ndi a mwini wake. Iye ali moyo sitiwaimba, sitiwang'ung'uza, sitifunsa kuti adzasiyira ndani. Ukatero ndiye kuti wayamba kumukumbira manda." Ndinkayesa nkhani za mowa, mpaka tsiku lina wogula matemba wina wa ku Limbe, atakhuta, anayamba kuimbira limodzi ndi a Nahuwo mzere wawo. Madalawo sanakalipe. Anakulunga bangwe m'saka, kuvala chipewa, ulendo. Anatha mwezi wathunthu osaponda pa bawa, mpaka mayi Eneresi anachita kukawapepesa ndi nkhuku. Ine nditaona zimenezo ndinaphunzitsa makutu anga ulemu. A Nahuwo akamaponya sindinkatsatira mawu, ndinkangodikira kamchira ka mzere, pamene mawu awo ankatsika, kuti ndilowe. Ndinakhala katswiri wa zimenezo. Nyimbo zinalipo zoposa makumi atatu, ndipo palibe imene ndinkachedwa kapena kufulumira.

Sitinkalipidwa kanthu. Mayi Eneresi ankatipatsa chipanda chimodzichimodzi ndi mbale ya matemba ootcha, n'kumatitukwana kuti tikuchedwetsa anthu kumwa. Waya wa banjo ukaduka a Fulaye ankathamangira ku golosale ya Che Saidi, Msilamu amene sanapondepo pa bawa koma ankatisungira mawaya akale a buleki m'kabati, poti mphepo inkamufikitsira nyimbo pakhonde pake ndipo sankafuna zidukire panjira. Mlendo aliyense wolowa ndi nsapato zatsopano a Nahuwo ankamuika m'nyimbo pomwepo, anthu n'kumagubuduka, mwini wake akufunsa kuti kodi akuti chiyani. Abale, ndinali wokondwa masiku amenewo, ndipo ndinkadziwa kuti ndine wokondwa. Lachiwiri ndinali munthu wowerenga ng'ombe za eni, Loweruka ndinali munthu amene nyimbo singayende popanda iye.

Koma zinalipo nyimbo zisanu ndi ziwiri zimene a Nahuwo ankaimba dzuwa likapendeka, zimene anazilandira kwa amalume awo. Zinali za ulendo wochokera ku Mozambique: maina a mitsinje imene anthu awo anawoloka, mapiri amene anagonapo, ndi maina a amene anatsala m'njira, mmodzimmodzi, ndi pamene anawakwirira. Zikayamba zimenezo amayi a nsomba ankaika zipanda pansi. Mayi wina wachikulire, mayi Mariya, ankafunda chitenje kumaso n'kumagwedezeka. Gawo langa linali mawu ochepa otanthauza kuti ife tawoloka, ndipo ndinkawavomera mwamphamvu osadziwa kuti watsalayo ndani. Tsiku lina ndinalimba mtima. "Madala, kodi nyimbo imene imaliritsa mayi Mariya imati chiyani?" "Wakha kaye," anatero. "Tsiku lako lilipo." Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba.

Mayi anu zimenezi sankazikonda. "Amuna anzanu akaweruka amapita ku kwaya, inu kukagwedeza chisekese kwa Eneresi. Mukabwera kuno fungo la masese, fungo la mankhwala a nkhupakupa, ine ndizipumira kuti?" Koma Loweruka m'mawa chisekese ndinkachipeza atachiika kale m'chikwama, pamodzi ndi chidindo.

1990, m'mbali mwa Chilwa

A Kamwendo sankayenda Loweruka, koma tsiku limenelo kunamveka za nkhumba zodwala, ndiye anabwera kudzandifuna. Opha nyama anawalozera kwa mayi Eneresi. Ndinangoona mthunzi pakhomo, ine kukamwa kuli yasa, chisekese m'mwamba, malaya a boma nditamasula mabatani. Anadikira kuti nyimbo ithe, ulemu umenewo anali nawo. Kenaka tili panja: "Bambo Waisoni, chidindo cha boma chikutani pakati pa zipanda? Mawa munthu akadwala ndi nyama, anthu adzati woyezayo anali ataledzera. Adzanama?" Ndinati ndamwa chipanda chimodzi chokha. "Anthu sawerenga zipanda," anatero. Patatha milungu itatu kalata inabwera yondisamutsira ku dibi la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumadambo a mpunga, kumene udzudzu umaluma ndi masana omwe.

A Kamwendo ankayesa kuti andichotsa pa bawa. Kuchokera kumeneko kukafika ku Jenala unali ulendo wa maola atatu pa njinga, nthawi ya mvula anayi, matope a makande akumata mateyala mpaka uchite kusenza njinga paphewa. Sindinajombe kupatula Loweruka limene unabadwa iwe Esinati, ndipo a Nahuwo anandifunsa ngati wobereka ndinali ine.

Zaka zimenezo ndi zimene ntchito yathu inayamba kufa. Mankhwala ankabwera mochedwa, kenaka theka, kenaka anatiuza kuti tiziwonjezera madzi, kenaka zii. Ndinkadzukabe Lachiwiri kukaima pa dibi, alimi n'kubwera ndi ng'ombe zodzaza nkhupakupa m'makutu, ine n'kuwauza kuti mwina mwezi wa mawa. Ng'ombe zinayamba kutupa m'khosi ndi kugwa. Mlimi wina anandibweretsera chikopa cha ng'ombe yake yomaliza n'kuchiyala pakhomo panga. M'dibi munaswana achule. Ndinali mlonda wa achule wolandira malipiro a boma, ndipo pakanapanda Loweruka ndikanapenga. Kenaka nyanja nayo inauma. Mabwato anangokhala pa dothi long'aluka, amayi a nsomba anasowa chogulitsa, ndipo pa mabenchi a mayi Eneresi panayamba kuoneka matabwa. Kuti akope anthu anagula wailesi ya kaseti ndi batire ya galimoto. Anatiuza mwaulemu, maso ali pansi, kuti ife tiziimba mpaka 3 koloko, kenaka kaseti. Nyimbo za ulendo zija, zimene zinkafuna dzuwa lopendeka, a Nahuwo anayamba kuziimba dzuwa lili pamutu, mofulumira, akuyang'ana chala cha mayi Eneresi.

1996

Linali Loweruka la mu Ogasiti, nandolo atayamba kuuma. Kaseti italira, a Nahuwo anati, "A Dibi, ndikwezeni pa njinga, miyendo yakana." Aka kanali koyamba kundipempha. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. A Fulaye anatiperekeza ndi maso mpaka titakhota. Pakhomo pawo anandikhazika pa mphasa pakati pa miono, natuma mwana wawo wamkazi, mayi Rozina, kuti akatunge madzi, chonsecho mtsuko unali wodzaza.

"Ndayamba kuiwala maina," anatero. "Dzulo ndinataya mtsinje umodzi, ndaupeza m'mawa uno. Mwezi ukubwerawu udzakhale kuno milungu iwiri. Ubwere ndi tambala, usabwere ndi pepala kapena cholembera. Tidzatseka chitseko. Ine ndidzaponya, iwe udzaponya pambuyo panga, mpaka zilowe. Mmene anandipatsira amalume ndi momwemo."

"Nanga Chilomwe changa chopundukachi, madala?"

"Chidzawongoka. Zaka khumi sunandibere liwu ngakhale limodzi. Fulaye ali ndi zala, koma mutu wake ndi dengu lobooka."

Ndinapalasa kubwerera ku Chilwa ndikuimba ndekha ngati wamisala. Lolemba lake, Lolemba lomwelo, njinga yamoto ya a Kamwendo inaima pakhomo panga. Anakana mpando. Anati madibi akutsekedwa, oyang'anira ake ambiri achotsedwa ntchito chaka chisanathe. Ochepa okha atumizidwa ku kosi ya miyezi itatu ku Lilongwe kuti akakhale alangizi a ziweto, ndipo m'dera lawo anapatsidwa malo amodzi. "Ndalembapo dzina lanu. Musandifunse chifukwa, nanenso ndikudabwa. Lole inyamuka tsiku loyamba la Seputembala."

Ndinathokoza, kenaka ndinapempha kuti ndikayambe mochedwa ndi milungu iwiri. Anafunsa ngati kuli matenda. Ndikanatha kunama, koma pamaso pa munthu ameneyo bodza linkauma pakhosi. Ndinawauza zonse, za mitsinje, za maina a akufa, za tambala. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Wochedwa tsiku limodzi malo ake amapatsa wina, si ine ndinakonza zimenezo. Bambo Waisoni, muli ndi ana asanu. Sindikunyoza nyimbo zanuzo, tsiku lija ndinaima pakhomo ndinazimva. Koma sankhani nokha, mundiuze Lachisanu."

Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, bwenzi lero ndili ndi womutukwana. Lachinayi ndinawapeza mayi anu akusita mathalauza anga onse awiri, n'kuwapinda, n'kuwaika m'sutikesi, iwe Layisoni uli kumsana ukutentha thupi ndi malungo. Ndinakhala pa chitsa panja n'kumayeza. Ntchito ikatha tikalowera kuti, munda ndilibe, nyanja yauma? Nanga munthu amene wakhala zaka makumi asanu ndi awiri n'kupitirira angalephere kudikira miyezi itatu yokha? Ndinadzinyengerera choncho, ndipo Lachisanu ndinawauza a Kamwendo kuti ndipita.

Ndinakawapeza a Nahuwo akuluka mono, nsungwi ili pakamwa. Ndinafotokoza motalika, monga amachitira munthu wolakwa. Sanadzutse mutu.

"Phaama," anatero, ndiko kuti zili bwino. "Pita. Ana adye."

"Ndikabwera mu Disembala, madala, ndidzafikira kuno tsiku lomwelo. Kapena mundipatseko imodzi lero, ndili ndi masana onse."

"Imodzi? Ukufuna utape ngati mtedza wa pamsika? Zisanu ndi ziwirizo ndi njira imodzi, sungaiduledule. Pita, mwanawe, ine ndilipo."

Ku kosi ndinaphunzira kubaya jakisoni, kuthena, kutemera nkhuku, ndipo ndinakhoza bwino. Mtima ukandivuta ndinkadziuza kuti madalawo akaona kuti thupi likuwathawa aitana a Fulaye, dengu lobooka kapena ayi. Ndinatsika basi mu Disembala mvula ikugwa, n'kulunjika ku Jenala ndisanafike kwa mayi anu, tambala ndinagula panjira. Mayi Rozina atandiona ndi tambalayo anagwira pakamwa. "Simunamve? Anagwa mu Okutobala, ali kumunda."

Anali moyo. Anali atatsamira khoma pakhonde, pakamwa patakhotera mbali imodzi, dzanja lamanja litagona pa ntchafu ngati si lawo. Maso okha anali omwe aja. Atandiona anayamba kulimbana ndi lilime. Ndinagwada, kuika khutu pafupi ndi pakamwa pawo. Unkatuluka mpweya ndi kaphokoso ka kukhosi, dovu likutsikira pa jekete. Anayesa, kupuma, kuyesanso, mitsempha ya m'khosi itaima, kuyambira masana mpaka mvula inakata. Liwu silinatuluke ngakhale limodzi. Mayi Rozina anati, "A Dibi, mukuwatopetsa." Nditati ndidzuke, dzanja lamanzere linagwira malaya anga atsopano a ulangizi pachifuwa n'kukoka, ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo. Sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kunditemberera. Mayi Rozina anachita kumasula zala chimodzichimodzi.

1997

Anakhala choncho miyezi ina isanu ndi itatu. Pa bawa palibe anaimba, poti mwini nyimbo anali moyo. Ine ndi a Fulaye tinkakumana pakhonde la a Nahuwo, kukambirana za mvula ndi mtengo wa ulusi, koma funso lenileni palibe analifunsa. Ulifunsa bwanji munthu ali pomwepo akupuma? Ine ndinkawayang'ana a Fulaye n'kumati mumtima, mkuluyu wafatsa chonchi chifukwa wasenza katundu. Sindinkadziwa kuti nawonso ankandiyang'ana ine chimodzimodzi.

Tinawaika m'manda mu Ogasiti. Loweruka lotsatira kumeta, mayi Eneresi anafalitsa uthenga kuti kaseti silira, tiimba za ulendo zonse zisanu ndi ziwiri kuwaperekeza madala. Anthu anadzaza mpaka panja, ena ochokera ku Nazombe komwe, mayi Mariya anachita kuwakweza pa njinga. Bangwe tinamuika pa benchi, pamalo pake. A Fulaye anayamba banjo, ine chisekese. Tinazungulira kamodzi, malo oponyera anafika, anadutsa. Ndinati mwina akukonza kukhosi. Tinazunguliranso. Kachitatu a Fulaye anandigunda ndi bondo.

"Ponyani, achimwene, anthu akudikira."

"Ine? Si inu?"

Banjo inasiya. "Musachite nthabwala pano. Si inu munawakweza pa njinga tsiku lija? Si munabwereranso kwawo musanapite ku Lilongwe? Tonse tinaona."

"Ndinapita kukatsanzika. Nanga miyezi ija ali bwinobwino sanakuitaneni?"

"Ndinkapitako sabata ndi sabata. Ankangondifunsa kuti Disembala yatsala masiku angati."

Bawa yonse inamva, poti munali zii. Manyazi anandigwira, ndiye ndinachita chinthu chopusa. Ndinatseka maso n'kuyamba kuponya zidutswa zimene zinatsalira m'mutu, kamvekedwe kokha, mosowekamo ndikudzaza ndi phokoso lofanana ndi Chilomwe. Sindinamalize mzere wachiwiri. "Leka, mwanawe," anatero mayi Mariya. "Amenewo si mawu. Muli amayi anga m'nyimbo imeneyo, usawapondeponde." Ndinawapempha kuti ndiye atiuze iwowo, poti chilankhulo ndi chawo. Anatchula dzina la amayi awo, ndi mtsinje umodzi, kenaka anapukusa mutu. "Ife tinkabwera kudzalira, sitinkabwera kudzaloweza. Tinkati oloweza ndinu." Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Mayi Eneresi anadikira mpaka mayi Mariya atapita, kenaka anadina kaseti, poti mowa unali utafululidwa kale ndipo unayenera kugulidwa.

Masiku ano

Ntchito inandiyendera, sindinama. Ndinakhala mlangizi, anandisamutsira ku boma, nonse asanu munaphunzira, ndinapuma ndi penshoni ndi nyumba yamalata ino. A Kamwendo nditapita kukawaona akudwala anandifunsa ngati nyimbo zija ndinazipeza, ndipo nditayankha anatembenukira kukhoma. Ndinazifunafuna, musayese kuti ndinangokhala. Kulikonse kumene ndinkapita kukatemera nkhuku ndinkafunsa za nkhalamba zoimba bangwe. Ndinawoloka malire kawiri pa njinga. Oimba ndinawapeza, inde, koma aliyense ndi ulendo wa kwawo, mitsinje ina, akufa ena. Za a Nahuwo zinali za anthu a a Nahuwo, ndipo zinali m'mutu umodzi. A Fulaye banjo anaipachika pa msomali mpaka dzimbiri linadya chigubu, ndipo anamwalira tikungopatsana moni wa panjira. Pamene panali bawa ya mayi Eneresi pano pali nyumba ya njerwa yoonetsa mpira pa kanema, pakhomo masipika awiri otalika ngati ine. Ndikamadutsapo ndimawoloka msewu.

Anthu amati ndinasankha bwino. Mayi anu amatero, abusa amatero, inenso ndikakuonani ndimatero. Koma chisoni sichimva zimenezo. Chimene chimandiwawa kwambiri si kosi ayi, ndi zaka khumi zija. Ndinakhala phewa ndi phewa ndi munthu ameneyo Loweruka lililonse, mawu akundilowa m'khutu, ine n'kumawakankhira kunja dala, n'kumanyadira kuti ndine waulemu. Akanandithamangitsa pa benchi chifukwa cha kuba, bwenzi lero ndili ndi mitsinje iwiri itatu yokuuzani. Ine wokhulupirika ndinatsala chimanjamanja, ndipo palibe amene ndingamuloze chala.

Iwe Esinati, utabwera pa Khirisimasi unandikakamiza. "Ababa, imbani za kwa mayi Eneresi zija ndijambule pa foni, adzukulu adzamve." Ndinakana, unaumirira, mpaka ndinatopa n'kukana. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana. Chisekese chinathetheka kalekale, ndiye ndinkangogunda chala pa bondo. Ndinaimba yoyamba ya ulendo mmene ndimaidziwira: kudikira, kuvomera, kudikira, kuvomera, mpaka kumapeto, osachedwa, osafulumira. Unandiyang'ana modabwa, kenaka unangotumiza kwa abale ako onse. Tisanamalize kudya unandiwerengera yankho la Layisoni kuchokera ku Joni, ukuseka: "Sisi, foni yakoyo yatha, mawu a madala akumadukaduka. Ndikutumizira ina ujambulenso."

Ndinaseka nawo, poti linali tsiku la chikondwerero. Koma ndalemba zonsezi kuti ndikuyankhe, Layisoni. Usamugulire mlongo wako foni ina, imeneyo yajambula zonse zimene ndili nazo. Mukamamvetsera, pamene pali zii paja musamadumphe. Ndi pamene pankaimba a Nahuwo, ndipo palibenso munthu pa dziko lino amene angakuuzeni zimene ankanena.